Timavu ta Agogo ndi Nandolo wa Kutsidya

Fungo la sipiriti likangondifika m'mphuno, ngakhale nditaima pamzere kuchipatala, ndimaona agogo anga aamuna kuseri kwa nyumba yathu ya kufupi ndi Limbuli, m'mawa wa chiperoni, phiri litabisala m'nkhungu, utsi wa zinyalala zimene amayi ankatentha ukukwawa pansi chifukwa cha chinyezi, iwo atakweza botolo la jamu m'mwamba n'kumalisuzumira ndi diso limodzi. M'botolomo simunkakhala jamu. Munkakhala makoko a nandolo obookabooka, ndipo m'makokomo munali mbozi zikudya mwamtendere, chifukwa agogo ankaziweta monga mmene anzawo ankawetera nkhunda. Mabotolo oterowo analipo ambiri, ondandalikidwa pamatabwa m'kachisakasa kofolera ndi udzu, lililonse lovundikiridwa ndi kansalu komangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Ukalowamo mwakachetechete unkamva mbozizo zikukukuta, pang'onopang'ono koma mosalekeza.

Imeneyo inali ntchito yawo ndithu, ngakhale anthu a m'mudzi sankafuna kukhulupirira. Cha kuboma kunali ofesi ya zofufuza za mbewu, ndipo agogo anali wotola tizilombo wa ofesiyo. Popeza kunali kutali, mbozi ankaziwetera kunyumba, ndipo Lolemba lililonse ankapalasa njinga kukapereka zimene zatuluka m'mabotolomo, atazimiza mu sipiriti m'timabotolo tating'ono ngati chala. Amayi, amene anali mwana wawo woyamba, ankati m'dziko lonse lino bambo awo okha ndi amene amasangalala akapeza nandolo wowonongeka. Anyamata a pamsika ankawakuwiza kuti "a Mbozi", iwo n'kumavomera moni bwinobwino ngati awatchula dzina laulemu.

Koma chimene ankadikira m'mabotolomo sichinali mbozi. Mbozi yabwinobwino ikakhuta imagona n'kusanduka kagulugufe kotuwa, ndipo zikatero agogo ankangotsonya. Iwo ankafuna timavu. Sindikunena mavu aja omanga zisa pakhonde n'kumatupitsa ana milomo, ayi. Iti n'tating'ono, tina ngati nyerere, ndipo sitiluma munthu. Tsiku lina anandikhazika pamwendo n'kundifotokozera kuti kamavu kakakazi kamaboola mbozi n'kuikira dzira m'thupi mwake, mwana wake n'kumadya mboziyo cham'kati mpaka kuimaliza, kenako n'kuluka chikwa, n'kudzatuluka ali ndi mapiko. Ine ndinati zimenezo n'zaufiti. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ufiti umenewo ndi umene umakusiyira chakudya, mwanaka," anatero. "Popanda amenewa mbozi zikanamaliza munda wonse."

Mwanaka ndi Chilomwe, ndiye kuti mwana wanga, ndipo ankanditchula choncho akakondwa. Akafuna kundiseleula ankati ndine mkazi wawo waulesi, wosadziwa ngakhale kuwatenthetsera madzi osamba.

Botolo lililonse linali ndi kapepala kake, ndipo pakapepalapo pankalembedwa mudzi, boma, dziko, tsiku, mbewu ndi dzina la amene wathyola. Ankalemba ndi pensulo, chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti. Kulembako anakuphunzira ali kale ndi imvi, kusukulu ya kwacha, ndiye ankalemba lilime litatuluka, chilembo chimodzichimodzi, pensulo ikulira papepala chifukwa choitsindika. Ndikawasekerera ankandiloza ndi pensuloyo n'kunena kuti, "Botolo lopanda pepala ndi zinyalala." Dzina lawo ankalilemba pomalizira, ndipo ndi limene ankatherapo nthawi yaitali.

Chifukwa chake ndachimvetsa nditakula. Agogo anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambiki, anawoloka ali mnyamata kudzathyola tiyi, ndipo ku esiteti ankaitanidwa ndi nambala. Anakwatira chikamwini, choncho munda ndi nyumba zinali za akazi awo, ndipo akazi awowo atamwalira zonse zinakhala za amayi. Dzina lawo silinali pa chinthu chilichonse chokhalitsa. Ngakhale khadi la chipani limene ankalisunga m'chipewa linkatha ntchito chaka chikatha.

Chaka chimene ndikunena ndinali Sitandade 4. Kutsidya kunali nkhondo, koma mlongo wawo wa agogo, anganga Roza, ankabwerabe mwa apo ndi apo kudzafuna mchere ndi sopo, osadzera pachipata koma podutsira ng'ombe. Anafika Lachisanu lina, nthawi ya nandolo wamuwisi, atasenza dengu lodzaza ndi nandolo wa m'munda mwawo, ndipo amayi anatichenjeza anafe kuti tisakalengeze za mlendoyo kumadzi kapena kusukulu. M'mawa mwake agogo anazungulira m'munda mwathu, mame akuwanyowetsa mathalauza, n'kuthyola makoko obooka okhaokha mpaka kudzaza kathumba ka pepala. Asanawaike m'botolo kunabwera uthenga wa maliro m'mudzi woyandikana nawo. Anakoleka kathumbako pamsomali m'chisakasa muja, n'kuvala jekete, n'kunyamuka.

Tsiku limenelo ine ndi anzanga tinali pamasanje pansi pa mtengo wa mango, ndipo mayi wa panyumba ndinali ine. Mayi wopanda chophika amachititsa manyazi, ndiye ndinalowa m'chisakasa n'kutsitsa kathumba kaja. Tinawiritsa makokowo m'chitini ndi mchere wakuba, tinapanga makata, nandolo uja wowiritsa ndi makoko omwe, ndipo tinadya tikupsa zala. Pafupifupi khoko lililonse linali ndi mbozi yofa, koma tinkangoithothola ndi chala n'kupitiriza. Mantha anandigwira chitini chitauma. Ndinathamangira kunyumba ndipo ndinapeza kuti amayi asankha nandolo wa anganga Roza, wabwino amuika mumphika, wobooka amusiya palichero kuti akatayire nkhuku. Ndinadzaza kathumbako ndi wobookayo n'kukakoleka pamsomali womwewo.

Agogo anabwera dzuwa litapendeka. Anasamba m'manja, anakhuthulira makokowo m'botolo, n'kulemba kapepala: mudzi wathu, Mulanje, Malawi, tsikulo, nandolo, dzina lawo. Ine ndinaima pakhomo ndikudzilimbitsa mtima kuti nandolo ndi nandolo basi, mbozi sizisiyana. Anganga Roza anabwerera kwawo m'mawa mwake, ndipo pofika Lachitatu ndinali nditaiwala.

Patapita milungu ngati itatu, ndikusesa pabwalo, ndinamva akundiitana ndi mawu otsika, ngati oopa kudzutsa khanda. Ndinawapeza atagwada, botolo lija lili padzuwa, ndipo anandipatsa kagalasi kawo kokulitsa zinthu kamene sankalola munthu aliyense kukakhudza. Pansalu yovundikira pankayenda timavu titatu. Tinali tofiirira ngati njerwa yowotcha, miyendo yachikasu, mapiko okhala ndi kadontho kakuda, ndipo tiwiri tinali ndi kamchira kowonda ngati tsitsi, kotalika kuposa thupi.

"Zaka zonsezi sindinakaonepo aka," ananong'ona. "Taona mmene kakuyendera, ngati mwini mudzi."

Bwana wawo anali bambo Gondwe, mnyamata wa kumpoto wovala magalasi, amene anali atangobwera kumene kuchokera kumaphunziro a kunja. Iye anatsegula mabuku onse a mu ofesi osatipezamo, ndiye anatitumiza papositi kwa akatswiri a ku Mangalande. Yankho linachedwa mpaka tonse tinaiwala, kupatula agogo. Linabwera m'dzinja, chimanga chili m'mawondo. Tinangomva njinga yamoto ikubuula m'matope, ndipo bambo Gondwe anatsika atathimbirira mpaka m'chiuno, kalata ili m'thumba la pulasitiki.

"Madala, zayankhidwa," anatero asanakhale n'komwe. "Timavu tanu tija akutidziwa m'maiko ena, ngakhale ku Mozambiki kuno, koma m'Malawi muno palibe anatilembapo. Inuyo ndinu woyamba. Tikatilemba m'buku la akatswiri, ndipo pamzere wake padzakhala dzina lanu."

"Buku lake lokhala kuti?" anafunsa agogo.

"Kulikonse kumene anthu amaphunzira za tizilombo."

"Chaka chikatha amalitaya?"

"Salitaya, madala. Lidzakhalapo ngakhale tonsefe titapita."

Agogo anavula chipewa, n'kuchivalanso, n'kuchivulanso. Kenako anauza amayi kuti agwire tambala wofiira uja, yemwe ankamusungira Khirisimasi.

Sabata imeneyo mudzi wonse unadziwa. Anauza abusa, anauza wometa tsitsi, anaimitsa ngakhale anyamata a pamsika aja n'kuwafotokozera za kamchira kotalika kuposa thupi. Munthu amene ankayenda chowerama anayamba kuyenda chowongoka, ndipo ankavala jekete popita kumunda. Ine tambala uja sindinamumve kukoma. Nditamva mawu akuti "ngakhale ku Mozambiki kuno", lichero lija linabwerera m'maso mwanga, ndipo ndinadziwa kuti mbozi zimasiyana ndithu. Ndinkawakonda agogo kuposa munthu aliyense, ndipo ndinkaona kuti chinthu chokha chimene anachilakalaka pamoyo wawo chaima pa bodza langa. Ndinkati ndikawaona akumwetulira, ndinkayang'ana kumbali.

Bambo Gondwe anali atapempha kuti agogo alembe dzina lawo lonse papepala loyera, kuti osindikiza asakalakwitse chilembo. Lamulungu masana, titaweruka kutchalitchi, anandiitanira pakhonde kuti ndiziwaonera, popeza wasukulu ndinali ine. Anasongola pensulo ndi lumo, analemba, anafufuta, analembanso. Atamaliza anandipatsira pepalalo n'kundigwira paphewa.

"Ukadzakula udzawauze ana ako kuti unalipo tsiku limene ndinathyola nandolo ameneyu," anatero.

Pamenepo ndi pamene ndinalephera kupirira. Ndinalira mpaka mamina, ndipo m'kati mwa kulirako ndinaulula zonse, za masanje, za chitini, za lichero. Agogo ankangoyang'ana nkhuku zikupalasa pabwalo, pensulo ili m'manja. Ndinkadikira khofi, koma chimene chinabwera ndi funso.

"Munda wa Roza uti? Wa kudambo kapena wa kuseri kwa nyumba?"

Ndinati sindikudziwa.

"Ndiye tingolemba dzina la mudzi wake," anatero, n'kupinda pepala loyera lija kanayi, n'kuliika m'thumba la jekete.

Amayi anali atamva zonse ali m'nyumba, ndipo anatuluka chitenje chili m'manja. Amayi sankaopa kulankhula, ngakhale kwa bambo awo.

"Ababa, musachite zimene ndikuganizazo. Mtsinje wake uti? Womwe timawoloka madzi ali m'mawondowu? Kamavu kali ndi mapiko, kakafuna kubwera kuno kamapempha chilolezo kwa ndani? Kutsidya ndi kuno nandolo wake ndi mmodzi, mvula yake ndi imodzi, ngakhale maliro timalira limodzi. Mungokhala chete, nkhani yatha."

"Kangakhale kaliko kuno, sindikukana," anayankha agogo. "Koma ine sindinakaone kuno."

"Nanga mukakatchula azakhali, mukufuna anthu adzatifunse kuti analowa bwanji?"

"Gondwe amafunsa za nandolo, safunsa za anthu."

"Mwauza mudzi wonse, ababa. Adzakusekani."

"Aseke. Pepala likanama limanamiza ndi munthu amene sanabadwe."

Amayi anandiyang'ana ndi diso limene ndimalikumbukira mpaka lero, n'kubwerera m'nyumba akung'ung'udza kuti sanaonepo munthu wotaya nyama ili kale m'kamwa.

Lolemba sindinapite kusukulu. Agogo anandikweza pakaliyala, ndipo tinadutsa m'minda ya tiyi yonyowa, anthu othyola ataweramira m'mizere madengu ali kumsana, tcheni cha njinga chikulira pa chitunda chilichonse. Mu ofesi munali mabokosi a tizilombo tobayidwa ndi mapini, ndipo bambo Gondwe anali pamakina otayipira, akulemba nkhani ya timavu tija. Agogo anavula chipewa n'kuima chilili.

"Bwana, thumba lija ndinalisiya lopanda pepala, kulakwa koyamba n'kwanga. Nandolo amene ndinaika m'botolo sanali wa m'munda mwathu, anali wakutsidya. Mwanayu akuuzani mmene zinayendera."

Ndinafotokoza ndikuyang'ana pansi. Bambo Gondwe anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali, ngakhale anali oyera. Iyenso nkhaniyo ankaifuna, inali yoyamba chibwerereni kusukulu. Anafunsa kuti kuchokera kwathu kukafika kumtsinje ndi mtunda wautali bwanji, ndipo agogo anati munthu wonyamuka madzi ali pamoto amakafika asanawire kawiri. Bambo Gondwe anapuma mozama.

"Madala, mukudziwa kuti mukanakhala chete palibe akanadziwa?"

"Mwanayu akanadziwa," anatero agogo.

Bambo Gondwe anasolola pepala limene linali m'makina, n'kulowetsamo lina, n'kuyamba kalata yopepesa kwa akatswiri aja. Agogo anapempha kabotolo ka timavu kamene kanatsala mu ofesi, anachotsa kapepala kakale, n'kulemba katsopano: mudzi wa anganga Roza, Mozambiki. Kumeneko timavuto ankatidziwa kale, ndiye panalibenso cholemba m'buku. Pobwerera anaima pamsika n'kundigulira chitumbuwa chotentha, chimene ndinachidya ndi misozi. Sanandimenye tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo kunena zoona ndinkalakalaka akanandimenya.

Amayi sananame, anthu anaseka. Wometa tsitsi ankawafunsa kuti buku lija lafika pati, kapena lagwa m'nyanja pobwera. Jekete linabwerera pamsomali. Koma nandolo atayambanso maluwa chaka chotsatira, agogo anatsuka mabotolo onse ndi phulusa, anapempha ena kwa akazi a mabwana a ku esiteti, n'kunena kuti ngati kamavuko kali m'dziko muno akapeza ndi manja awo. Anayamba ndi minda ya m'mbali mwa mtsinje, kenako anafika m'munsi mwa phiri la Chambe, kenako ku Chonde, akupempha eni minda kuti awalole kuthyola makoko owonongeka, eni mindawo n'kumadabwa kuti wamisala waulemu chotere wachokera kuti. Chaka chimenecho munatuluka agulugufe ambirimbiri ndi timavu takuda tozolowereka. Chaka chachiwiri zinali chimodzimodzi.

M'chaka chachiwiricho agogo anapuma pantchito, koma bambo Gondwe anapitiriza kuwatumizira sipiriti. Vuto linali maso. Ng'ala inayamba m'diso lamanzere n'kulowa lamanja, ndipo tibowo ta mbozi pamakoko sankationanso, ankangotipapasa ndi chala. Tchuthi chikafika ndinkapita nawo, poyamba chifukwa cha manyazi, kenako chifukwa ndinayamba kukonda ntchitoyo. Aliyense ankathyolera m'thumba lake, ndipo thumba lililonse linkalandira pepala tisanatuluke m'mundamo. Zolembazo zinali zanga tsopano, iwo ankangonena mawu. Ndinawachonderera kangapo kuti tizilemba dzina lawo pa mabotolo onse, popeza njinga inali yawo, nzeru zinali zawo, ine ndinali manja chabe. Ankangofunsa kuti, "Wathyola ndani?"

Chaka chachitatu, ndili Sitandade 7, tinafika ku Nkando, kutali ndi malire kuti pasadzakhale wokayika. Tinagona kwa mnzawo wakale wa ku esiteti, ndipo m'mawa mwake, titangotuluka pamsika, tayala la kumbuyo linaphwa. Kunali kotentha, fumbi lofiira likuuluka galimoto ikadutsa, ndipo pafupi ndi msewu panali munda wa mayi wina wokhala ndi nandolo wamtali kuposa munthu. Agogo anakhala pansi pa mtengo ndi beseni la madzi lobwereka, akufufuza pobooka pomva thovu ndi tsaya, n'kundiuza kuti ndikapemphe ndithyoleko pamene iwo akumata chubu. Ndinathyola thumba limodzi lokha. Pepala lake ndinalemba nditatsamira pa chishalo cha njinga, ndipo pa dzina ndinalembapo langa, Esitere Makawa, iwo akumvetsera kulira kwa pensulo.

Botolo limenelo ndi limene linatulutsa kamavu kaja. Ndinakaona m'mawa wina ndikusintha nsalu zovundikira, kamodzi kokha, kakuyenda pagalasi. Ndinawaitana, ndipo anabwera akupapasa khoma, anatenga kagalasi kawo, anasuzumira, koma anangoona chifunga. Anandibwezera kagalasiko.

"Ndiuze. Thupi lake?"

"Lofiirira, agogo."

"Miyendo?"

"Yachikasu."

"Pamapiko?"

"Pali kadontho kakuda."

"Mchira?"

"Wautali kuposa thupi."

Anakhala pansi pomwepo, pafumbi, n'kuseka kachetechete mapewa akugwedezeka. Anati kamwini mudzi kaja kanalipo nthawi yonseyi, kankangofuna kuti atsirize kaye matayala a njinga. Kenako anafunsa kuti ndi botolo liti. Ndinati la ku Nkando. Anafunsa kuti papepala pali dzina la ndani, ngakhale ankadziwa.

"Agogo, tifufute," ndinatero. "Ndi pensulo, sizivuta. Inu ndi amene mwakafunafuna zaka zitatu. Ine ndi amene ndinakuwonongerani poyamba paja. Chonde tilembe lanu."

"Ine ndinali kumata chubu, mwanaka."

"Palibe adzadziwe."

"Wayamba kulankhula ngati amako," anatero, n'kundipapasa kumutu mpaka anapeza khutu, n'kulikoka pang'ono. "Tenga sipiriti, kasanathawe."

M'masiku otsatira munatuluka tina tinayi. Bambo Gondwe anatitumiza kumene anatumiza toyamba tija, ndipo ulendo uno anabwera yekha kudzaona munda wa ku Nkando ndi maso ake. Iyenso anayesa kuwanyengerera. Anati angathe kulemba maina awiri pamzerewo, zimachitika. Agogo anafunsa ngati mzerewo umanena za amene anathyola kapena za amene anaperekeza, ndipo atamva yankho anati aleke kusokoneza zinthu zoyera. Ndinakwiya nawo sabata yathunthu. Ndinkaona ngati akundilanga pondisenzetsa chinthu chimene ndinawalanda, koma iwo ankangoimba nyimbo zawo za Chilomwe pakhonde, okondwa ngati munthu amene wakolola.

Mapepala osindikizidwa anafika ndili Fomu 1, nditabwera kutchuthi. Anali masamba awiri okha a Chingerezi, zilembo zing'onozing'ono, ndipo nkhani yathu inali mizere itatu pansi pa dzina lalitali la Chilatini. Pamenepo agogo anali asakuonanso chilichonse koma kuwala kwa dzuwa. Anasamba, anavala jekete lija, anakhala pampando wa ndalema pakhonde n'kundiuza kuti ndiwerenge. Ndinawerenga dzina la kamavuko mopunthwapunthwa, ndinawerenga Malawi, Mulanje, Nkando, nandolo. Nditafika pa dzina ndinaima. Amayi anali ataima pakhomo, ndipo anandigwedezera mutu, maso ali ndi misozi, kundiuza popanda mawu kuti nditchule la bambo awo, nkhalamba isangalale. Akanamva dzina lawo mwina akanaganiza kuti bambo Gondwe anachita zake. Lilime langa linali litayamba kale kulipanga.

"Werenga zimene zalembedwapo," anatero agogo.

Ndinawerenga dzina langa.

"Eya," anatero. "Ndi momwemo." Anandipempha kuti ndiwaikire chala pamzerewo, ndipo anachisiya pomwepo nthawi yaitali, akusisita pepalalo ngati kuti zilembo zingamveke pakhungu.

Anamwalira mvula yotsatira isanathe. Ine sindinakhale katswiri wa tizilombo, ndine mphunzitsi wa pulaimale, ndipo masamba awiri aja ali m'sutikesi limodzi ndi masatifiketi anga. Nthawi zina ndimaganiza za munthu wa kudziko lakutali amene amatsegula bukulo n'kuona E. Makawa, n'kumayesa kuti anali bambo wina wophunzira wa magalasi, osadziwa kuti kanali kamtsikana kakuba nandolo wa pamasanje. Mzerewo ndi woona, chilembo chilichonse, ndipo ndi agogo amene anaonetsetsa kuti ukhale woona. Koma umandiwawabe mpaka lero, chifukwa mulibe malo a munthu amene anapalasa njinga zaka zitatu maso akuzima, n'kukana kawiri chinthu chimene ankachifuna kuposa china chilichonse.

M'buku la akatswiri sindingathe kuwonjezeramo kanthu. Pano ndingathe, ndipo sindikunama. Agogo anga anali Petulo Mukhova, wobadwira kutsidya kwa Muloza, wogona ku Mulanje.